Chipere cha m'poto wa presha ndi chipere ndithu

M'nyumba zambiri za Amalawi kuno ku Nairobi muli kamkangano kamene sikatha. Mnyamata kapena mtsikana wobadwira kuno akanena kuti akufuna kuphunzira ndiwo zakumudzi, akuluakulu amakondwa. Koma akangotulutsa poto wotseka ndi mphira uja, amene m'mashopu amalembapo kuti pressure cooker, nkhope zimasintha. Amamuuza kuti chotuluka mmenemo ndi phala la odwala, kuti chipere chenicheni chimafuna mbaula, makala ndi kudekha. Mwanayo amabweza poto m'kabati n'kuitanitsa tchipisi pafoni. Mbaula ija siyatsidwa tsiku limenelo, mawa lakenso siyatsidwa.

Ife tili mbali ya mwanayo. Chimene chikumaliza ndiwo zathu m'mabanja a kunja kuno ndi maola amene ndiwozo zimadya. Munthu wokhala m'fulati ku Roysambu kapena ku South B, amene amadzuka 5 koloko kuti apewe mdipiti wa magalimoto pa Thika Road kapena Mombasa Road, maola amenewo alibe. Ndiwo yofuna maola atatu pamoto Lachiwiri madzulo imasanduka ya pa 6 Julaye pokha, ndipo oiphika amakhala amayi awiri kapena atatu omwe aja chaka ndi chaka. Iwowa akadzapuma pantchito n'kubwerera kumudzi, ndiwoyo idzakwera nawo ndege.

Kwa inu amene simunachilawepo, chipere ndi nandolo wouma wochotsedwa khungu, wophikidwa mpaka mbewu zonse kusungunuka n'kukhala ndiwo yosalala, yolemera, yoti mbamu ya nsima ikamizidwamo imatuluka itavala. Ena amachipanga ndi nyemba kapena khobwe, koma ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Chiradzulu ndi Zomba, kumene nandolo amamera pafupifupi m'munda uliwonse pakati pa chimanga, chipere cha nandolo ndiye mwini bwalo. Ntchito yake kumudzi ndi yambiri. Nandolo amayamba wamukazinga pang'ono kapena kumuviika n'kumuyanika kuti khungu lilekane ndi mbewu. Kenako amamupera pamphero kuti asweke pawiri, n'kupeta palichero, n'kusankha timiyala, n'kutsuka. Zonsezi moto usanayatsidwe. Ndipo chenjerani potchula dzinali pagulu: mawu omwewa ndi amene timatchulira nthenda yapakhungu ija ya zipere, choncho mukauza azakhali kuti muli ndi chipere, fotokozani msanga kuti chili m'mbale.

Kuno ku Nairobi theka loyamba la ntchitoyo munthu wina anakugwirirani kale. Lowani mu Naivas, Quickmart kapena Carrefour, kapena m'timashopu ta amwenye ku Parklands ndi ku Ngara, mupeza mapaketi olembedwa toor dal. Ameneyo ndi nandolo wosweka ndi wopetedwa kale. Mukafuna wathunthu, funsani mbaazi kwa ogulitsa mbewu ku Nyamakima kapena ku Marikiti. Akamba amamutcha nzuu ndipo amamuphika m'muthokoi, ku Mombasa amamuphika ndi mkaka wa kokonati n'kudyera mahamri m'mawa. Musasokoneze ndi mapaketi olembedwa split peas, achikasu kapena obiriwira: imeneyo ndi nsawawa youma, imene kuno amati minji ikakhala yaiwisi. Nayonso imapanga msuzi wabwino ndipo njira yophikira ndi yomweyi, koma imatsekemera, ilibe kafungo ka dothi ka nandolo. Mtundu wina wa toor dal umabwera wopakidwa mafuta kuti usafumbwe, umaoneka wonyezimira. Umenewo utsukeni ndi madzi ofunda.

Tsono n'chifukwa chiyani nyemba ndi nandolo zimavuta kupsa mumzinda uno? Amayi ambiri amene anasamukira kuno kuchokera ku Blantyre kapena kuchigwa cha Shire amadandaula kuti mbewu za ku Kenya n'zouma mtima. Mbali yaikulu ya vutoli ndi phiri limene takhalapo. Nairobi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,800 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Munthu ukamakwera, mpweya wopanikiza pamwamba pa madzi umachepa, ndipo madzi amawira asanatenthe mokwanira. Ku Mombasa kapena ku Nsanje madzi amawira pa madigiri 100 kapena pafupi pomwepo. Ku Blantyre, pamtunda wa mamita 1,000 ndi pang'ono, amawira pafupifupi pa 97. Kuno ndi pa 94. Ndipo madzi akangoyamba kuwira m'poto wosatseka, kutentha kwake sikukweranso, ngakhale musonkhezere bwanji. Gasi amene mukuwonjezerayo akungosandutsa madzi nthunzi.

Poto wa presha amatsekera nthunziyo mkati. Nthunzi ikasowa kothawira imapanikiza madzi, ndipo madziwo amatentha kupitirira madigiri 110 ngakhale kuno kuphiri. Ndi chinsinsi chake chonse, palibe mankhwala, palibe matsenga. Nzeruyi ndi yakale: Denis Papin, wasayansi wa ku France, anapanga poto woyamba wotero ku London m'chaka cha 1679. Ku India makampani a Hawkins ndi Prestige akhala akupanga mapoto amenewa kuyambira 1959, ndipo lero mayi wa ku Mumbai, kapena wa ku Parklands konkuno, amayeza kupsa kwa dal powerenga kulira kwa mluzu. Sitinamvepo mmwenye akunena kuti dal wa m'poto wa presha si dal. Anzathu a ku Kenya nawonso alibe nazo manyazi: githeri, chimanga ndi nyemba chimene ambiri a inu munachidya mpaka kutopa nacho kusukulu yogonera konko, m'nyumba zambiri za mumzinda muno chimapsera m'poto womwewu. Ngakhale a Kenya Power, pa kampeni yawo ya Pika na Power, akhala akuonetsa anthu kuphika zakudya zotere m'mapoto a presha a magetsi.

Akuluakulu akamati mwambo, tiwafunse mwaulemu kuti mwambowo unayambira pati. Chimanga chimene timati ndicho moyo chinachokera ku America, chinafika kuno ndi zombo za Apwitikizi. Tomato naye kwawo ndi komweko. Nandolo mwini wakeyu anayamba kulimidwa ku India zaka masauzande zapitazo asanawoloke nyanja. Chigayo chitafika m'midzi, alipo amene ankati ufa wake sufanana ndi wa mumtondo, ndipo mwina ankanena zoona, koma ndani lero amakana nsima chifukwa ufa unadutsa kuchigayo? Mphika wadothi unasiyira malo poto wa chitsulo, mafuwa anasiyira malo mbaula. Mbaula imene tikuiyesa ya makolo ndi ya m'tauni, ya dzulodzulo lomweli.

Komanso mbaulayo kuno ili ndi mtengo wake. Mu Febuluwale 2018 boma la Kenya linaimitsa kudula mitengo m'nkhalango za boma, ndipo chaka chomwecho Charity Ngilu, amene anali bwanamkubwa wa Kitui, analetsa malonda a makala m'dera lake. Mtengo wa makala mumzinda unakwera. Eni mafulati ambiri safunanso kuona jiko pakhonde. Ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye sipalephera kumveka za anthu amene anagona ndi jiko m'chipinda chotseka osadzukanso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti utsi wa m'nyumba, wochokera ku nkhuni, makala ndi palafini, unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni m'chaka cha 2020. Ochuluka amene amapuma utsiwo tsiku ndi tsiku ndi amayi ndi ana amene ali kumsana kwawo. Tikamalakalaka kafungo ka utsi m'ndiwo, tizikumbukira kuti panali munthu amene ankatsokomola kuti ife timve kafungoko.

Pali pamene akuluakulu akunena zoona, ndipo apa tiwamvere. Mukangothira toor dal ndi madzi m'poto n'kutseka, chotuluka chimakhala chozizira m'kamwa, chopanda nkhope. Chipere cha kumudzi chimakoma chifukwa cha zinthu ziwiri zimene poto wotseka sachita: kukazinga kuja kwa poyamba, ndi kuwira pang'onopang'ono kwa kumapeto, madzi akuphwera, mthiko ukuzungulira. Zonse ziwiri mungazibweze, ndipo sizidya mphindi khumi ndi zisanu.

Tengani kapu imodzi ya nandolo wosweka, musankhe timiyala. Mukazingeni wopanda mafuta m'poto momwemo kwa mphindi zitatu kapena zinayi, mukutakasa, mpaka amveke kafungo ngati ka mtedza koma asade. Mutsukeni kangapo kufikira madzi atayera, chifukwa ufa woyera umene umatuluka uja ndi umene umachita thovu. Mukakhala ndi nthawi muviikeni theka la ola. Thirani makapu atatu a madzi ndi sipuni imodzi ya mafuta ophikira. Tomato musathire tsopano, kuwawasa kwake kumachedwetsa mbewu kufewa. Soda kapena chidulo, zimene amayi amathira kuti nyemba zipse msanga, pano n'zosafunika, ndipo ndi bwino choncho chifukwa soda amawononga vitamini B1. Tsekani, ikani pamoto waukulu. Mluzu ukalira koyamba chepetsani moto, muwerenge mphindi khumi kapena khumi ndi ziwiri, kenako zimitsani. Wa magetsi mumangomuuza mphindizo, amadzizimitsa yekha, ndipo pa token yanu sadya ngakhale yuniti imodzi.

Apa ndi pamene anthu amapsa, tsono werengani mosathamanga. Mbewu zosweka, kaya nandolo kaya nsawawa, zimachita thovu lambiri kuposa nyemba zathunthu, ndipo thovulo likakwera limatha kutseka kabowo kotulukira nthunzi. N'chifukwa chake timabuku tina tobwera ndi mapotowa timachenjeza za split peas potchula dzina. Poto asadzaze kupitirira theka, kuwerengera ndi madzi omwe, ndipo kwa woyamba kumene gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lokwanira. Sipuni ya mafuta ija ntchito yake ndi kugonetsa thovu. Musanatseke, kwezani chivundikiro kuwala, muone ngati kabowo kakuonekera. Onaninso mphira: ikauma kapena kung'aluka, gulani ina, musamange ndi nsanza. Mukazimitsa moto musanyamule mluzu ndi foloko kuti nthunzi ituluke msanga. Ndi nyama mungathe kutero, koma ndi chipere chimene chimatuluka pakabowo ndi phala lotentha, limafika mpaka kudenga ndi kumaso. Musiyeni poto apume yekha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mpaka kachitsulo kosonyeza presha katsike. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumene akuluakulu amafuna kuja malo ake ndi ano. Chivundikiro chikamakana kutseguka, chikukuuzani kuti mkati mukadali mphamvu. Musalimbane nacho.

Podikirapo kazingani anyezi ndi tomato pambali. Mukatsegula, thirani zimenezi ndi mchere, bwezerani pamoto wochepa osavundikira, muzitakasa ndi mthiko mukukanikizira m'mbali mwa poto. Mphindi zisanu kapena khumi chikhala chitagwirana. Chikalimba kwambiri thirani madzi otentha, osati ozizira. Musachoke pamenepo kukayang'ana foni, chipere chimapserera pansi mwakachetechete.

Chenjezo limodzi kwa ana a Chilhomwe amene munalawako kalongonda ku Mulhako wa Alhomwe pa Chonde n'kubwera naye m'chikwama. Ameneyo nkhani yake ndi ina. Kalongonda amaphikidwa tsiku lathunthu, madzi akutayidwa n'kuthira ena kangapo, chifukwa ali ndi mphamvu imene imaledzeretsa ndi kudwalitsa munthu. Chimene chimachotsa mphamvuyo ndi kutaya madziko, ndipo poto wotseka amasunga zonse mkati. Kalongonda musamufupikitsire njira. Phikani ndi munthu amene amamudziwa.

Pali chifukwa chinanso chimene tikuumirira kuti ana a Amalawi a ku Nairobi, kuposa a ku London kapena ku Johannesburg, asamuone nandolo ngati mlendo. Zina mwa mbewu zimene alimi akubzala kwathu zinadzera kuno. Bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT lili ndi ofesi yake ya chigawo chino ku Gigiri, limayesa nandolo ku Kiboko m'dera la Makueni, ndipo limagwira ntchito ndi akatswiri a ku Chitedze ku Lilongwe. M'zaka za m'ma 1980 matenda ofotetsa nandolo, ochokera m'nthaka, anasakaza minda ya kumwera kwa Malawi. Mtundu umene unapirira, ICP 9145, unali wamakolo wotoleredwa kuno ku Kenya. Unaperekedwa kwa alimi a ku Malawi mu 1987, ndipo dzina lake lachichewa limanena zonse: Sauma. Pambuyo pake panabwera Kachangu ndi Mwaiwathu Alimi, amene pa mabuku a akatswiri nambala zawo zimayamba ndi ICEAP, kusonyeza kuti anasankhidwira kum'mawa kwa Africa kuno. Mukamadutsa pa United Nations Avenue kupita ku Village Market, dziwani kuti munda wa agogo anu ku Chiradzulu uli ndi chibale ndi msewu umenewo.

Nandolo ambiri amene Malawi amakolola sadyedwa ndi Amalawi a m'tauni. Ena amagulidwa m'midzi kuyambira Julaye mpaka Seputembala, ena mwa iwo amasweredwa m'mafakitale a ku Blantyre, ndipo amadzera ku Nacala kapena ku Beira kupita ku India, kumene amafika nandolo wa kumeneko asanakololedwe. Zinthu zimayenda bwino wogula mmodziyo akamafuna. Mu Ogasiti 2017, India atakolola zochuluka, boma lake linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pachaka. Mozambique inali ndi pothawira, chifukwa inali itasainirana pangano ndi India mu 2016. Malawi analibe pangano. Mtengo unagwa kotheratu, ndipo alimi amene anabzala nandolo wambiri atauzidwa kuti ndiye ndalama anatsala ndi matumba m'nyumba. Pangano lathu linadzabwera mu 2021, la matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu.

Mapoto athu a ku Kileleshwa ndi ku Rongai sangakweze mtengo wa nandolo ku Phalombe, ndipo toor dal amene tikugula kuno mwina ndi wa ku Makueni kapena wa ku Babati ku Tanzania. Koma taonani chimene chimachitika m'mitu mwathu. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti nandolo ndi ndiwo ya osauka, ya kumapeto kwa mwezi, yoti mlendo akabwera imabisidwa. Ana omwewo, atakula, amalipira mashilingi mazana angapo ku lesitilanti ya amwenye ku Westlands kuti adye dal tadka, n'kujambula mbaleyo kuika pa Instagram. Ndi nandolo yemweyo, wosweka chimodzimodzi, wophikidwa m'poto wa presha kukhitchini kumene simukuonako. Dal tadka ndi wokoma, idyani. Chimene chikutiwawa n'chakuti mwana wa Mmalawi adziwe dzina la chimwenye, la Chiswahili ndi la Chingerezi la mbewu imeneyi, koma la chinenero cha amayi ake osalidziwa, chifukwa kunyumba anauzidwa kuti popanda mbaula asayerekeze.

Ndipo anyamata, nkhaniyi ndi yanunso. Kale chifukwa chimene ntchito ya chipere inkagwera amayi ndi atsikana chinali choti imatenga tsiku: mphero, lichero, nkhuni. Chifukwa chimenecho chatha. Ntchito yatsala ndi ya mphindi makumi anayi, ndipo theka lake ndi kudikira. Ngati m'nyumba mwanu muli mayi wothandiza ntchito, mwina ndi iyeyo amene amaudziwa bwino poto ameneyu kuposa wina aliyense. Mupempheni akuonetseni kutseka ndi kutsegula, inu mumuonetse chipere.

Ena mwa inu mukangoona ubwino wake mudzafuna kugulira achibale kumudzi. Funsani kaye. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja amene anali ndi magetsi ku Malawi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse, ndipo unyinji wa anthu, ngakhale m'tauni, amaphikira nkhuni ndi makala. Kwa azakhali a ku Chilomoni kapena ku Area 25 amene ali ndi mita ya ESCOM, poto wa magetsi ndi mphatso yanzeru: presha ikangokwera, ngakhale magetsi azime, ndiwo imapitiriza kupsa ndi kutentha kwa mkati, ndipo thumba la makala limakhalitsa. Aliyense amene anaona mmene phiri la Ndirande linametedwera mpala akudziwa kumene makalawo amachokera. Koma kwa agogo amene amaphikira pamafuwa, poto wa magetsi adzasanduka mosungira shuga, ndipo wa pamoto zogwirira zake za pulasitiki zimasungunuka ndi malawi a nkhuni. Mukawatumizira wa pamoto, akhale oti ali ndi mbaula, muikemo mphira ziwiri zapadera, ndipo mukapita patchuthi muphike nawo kamodzi kuti mluzu usawadzidzimutse. Agogowo ali kale ndi nzeru yawo: mitengo ya nandolo ikauma atakolola ndi nkhuni, mbewuyo imabwera ndi moto wake.

Nsima yodyera chipere kuno idzakhala ya unga wa ugali, Jogoo kapena Soko, umene ndi wokhakhala kuposa ufa woyera wa kwathu. Uphikeni mofewerapo kuposa mmene anzanu a ku Kenya amachitira, ndipo muyambe ndi phala, liwire bwino musanathire ufa wina. Pambali ikani sukuma wiki kapena masamba a kunde, amene kwathu timati chitambe. Chipere chotsala chimalimba m'firiji ngati chikondamoyo. Mawa lake chithireni madzi otentha pang'ono potenthetsa, kapena chipakeni pabuledi kapena pachapati momwemo. Za tsabola, nsinjiro ndi kuchuluka kwa tomato mabanja amasiyana, ndipo zimenezo funsani amayi kapena agogo pa WhatsApp, muwauze kuti nandolo wapsa kale, mwangotsala ndi zothiramo.